Shuga wafika m'maso mwa mayi anga, ndiwapititse kunja akabayitse ma stem cell?

"Adokotala moni. Ine ndili ku Joni kuno koma mayi anga ali kumudzi ku Balaka, ali ndi zaka 61. Anawapeza ndi shuga kalekale, zaka zadutsa 10, BP nayonso ali nayo. Chaka chino ayamba kudandaula kuti diso lakumanzere akumaona ngati muli utsi, pena tinthu takuda timayandama, Baibulo asiya kuwerenga olo avale magalasi. Achemwali anga anapita nawo ku chipatala chachikulu nde anauzidwa kuti shuga wafika m'maso, akufunika laser. Mayi akukanitsitsa, akuti anamva kuti laser imawotcha diso munthu nkukhaliratu wakhungu. Ine ndakhala ndikuonera mavidiyo pa Facebook ndi YouTube a makiliniki akunja amene akuti amabaya ma stem cell m'maso munthu nkuyambanso kuona, ena ndalankhula nawo kale pa WhatsApp, mtengo wake ndi woboola m'thumba koma puloti yanga ya ku Lunzu ndikhoza kugulitsa, mayi ndi mayi. Komanso kutchalitchi kwathu kuno kuli mayi wina akugulitsa timapaketi ta ufa woika kunsi kwa lilime, akuti ndi ma stem cell omwewo ndipo amachiza shuga ndi maso pamodzi. Chonde ndiuzeni zoona, nditani?"

Achimwene zikomo polemba, ndipo pepani ndi matenda a mayi. Choyamba mtima ukhale pansi kaye. Mmene mwafotokozeramu mayi akuonabe, lomwe lavuta kwambiri ndi diso limodzi, ndiye kuti chopulumutsa chilipo ndithu. Pa funso lanu la ma stem cell sindizungulira ayi, puloti musagulitse. Pakadali pano palibe dziko ndi limodzi lomwe, kaya America, kaya India, kaya ku Joni komwe muliko, komwe ma stem cell anavomerezedwa kukhala chithandizo cha maso owonongeka ndi shuga. Kafukufuku alipo, weniweni, wa anthu odziwa ntchito yawo, ine ndimamutsatira ndipo ndimalakalaka atatheka chifukwa ndatopa nako kuuza anthu kuti mwabwera mochedwa. Koma akadali kafukufuku, ndipo amene akukutchulirani mtengo pa WhatsApp akukugulitsani chinthu chomwe eni ake ofufuzawo sanamalize kuchiyesa.

Ndiyambe ndi chomwe chikuchitika m'diso la mayi, chifukwa mukachimvetsa chimenechi zotsalazo muziweruza nokha. Mkati mwa diso, kumbuyo kwenikweni, muli kachikopa kopyapyala kwambiri kotchedwa retina, ndi kamene kamalandira kuwala nkutumiza uthenga ku ubongo. Kamafuna magazi ndi mpweya usana ndi usiku, nde kali ndi timitsempha ta magazi tambirimbiri tochepa kuposa tsitsi. Shuga akakhala wokwera zaka ndi zaka makoma a timitsemphati amafooka. Pali maselo ena amene amakulunga kamtsempha kunja kwake kuti kalimbe, ma pericyte, amenewa ndi amene amayamba kufa, akafa kamtsempha kaja kamatupa malo ena nkuyamba kudontha madzi, mafuta ndi magazi, tina timangotsekekeratu. Ndikamuthira munthu mankhwala otsegula kamwana ka m'diso ndikuyang'ana mkatimo ndi galasi, ndimaona timadontho tofiira tamwazikana, pena timibulu tachikasu ta mafuta tazungulira pomwe pakudontha, koma munthuyo ali pampandopo akundiuza kuti ine adokotala ndimaona bwinobwino, ndangobwera chifukwa andituma ku kiliniki ya shuga. Kuipa kwa matendawa ndi kumeneko. Sapweteka, diso silifiira, munthu amadzazindikira zitafika kale patali.

Madzi aja akadonthera pakati penipeni pa retina, pamalo otchedwa macula pomwe timawerengera ndi kuzindikirira nkhope za anthu, pamatupa, zilembo zimayamba kupindika kapena kuzimiririka. Mwina ndi chimene chawalanda mayi Baibulo. Koma pali njira ina yoopsa kuposa imeneyi. Mbali za retina zomwe magazi asiya kufikako zimatulutsa kanthu kotchedwa VEGF, kamene ntchito yake ndi kuitana mitsempha yatsopano kuti imere. Imameradi, koma imakhala yachabechabe, yosalimba, yomera polakwika, ikangophulika magazi amatayikira m'kati mwa diso, nde ndi utsi uja ndi tinthu takuda toyandama tomwe mayi akunena. Pakapita nthawi mitsemphayi imasanduka zipsera, zipserazo zimakoka retina mpaka kuimatula pakhoma la diso. Dokotala akatchula laser, kawirikawiri ndiye kuti waiona mitsempha yatsopanoyi kapena waona kuti yatsala pang'ono kumera. Mfundo imeneyi muigwire, tibwereranso: m'diso la mayi vuto lalikulu panopa ndi zinthu zomwe zikumera mosalongosoka.

Ndipo mayi sali okha. Kafukufuku amene anachitika pa makiliniki a shuga a ku Queens ku Blantyre ndi ku Zomba Central, motsogozedwa ndi Philip Burgess wa ku Liverpool pamodzi ndi madokotala akuno, zotsatira zake zinatuluka mu 2014, mwa anthu 357 amene anaunikidwa theka anali kale ndi zizindikiro za shuga m'maso, ndipo pafupifupi 3 mwa 10 aliwonse anali pa mlingo woti akhoza kusiya kuona.

Tsopano ma stem cell enieniwo ndi chiyani. Ndi maselo amene sanakhazikike pa ntchito imodzi, amatha kuchulukana komanso kusanduka maselo a mtundu wina. Amene ali m'mafuta a m'mafupa ndi amene amatipangira magazi tsiku ndi tsiku, ndipo kuwaika mwa munthu wodwala khansa ya m'magazi ndi chithandizo chenicheni chomwe chakhalapo zaka zoposa 50. Olo m'maso momwemo chilipo china chovomerezeka: mu 2015 ku Ulaya anavomereza Holoclar, ntchito ya ofufuza a ku Italy, pomwe amatenga kachidutswa ka m'mphepete mwa galasi la diso, nkukachulukitsa mu labu, nkudzamata pa diso lomwe linapsa ndi moto kapena asidi. Zimenezi ndi zoona, koma ndi kutsogolo kwa diso, kunja, sikuti ndi retina. Ogulitsa aja amakonda kutchula zoona ngati zimenezi kuti bodza lawo liyende nazo limodzi.

Nkhani ya retina inayamba kutentha Shinya Yamanaka wa ku Japan ataonetsa mu 2006 kuti selo wamba, ngati la pakhungu, likhoza kubwezedwa m'mbuyo nkukhalanso stem cell. Anayamba ndi mbewa, mu 2007 anachita ndi maselo a munthu, mu 2012 analandira nazo mphoto ya Nobel. Ku Kobe, ku Japan komweko, gulu la Masayo Takahashi linatenga maselo a pakhungu la mayi wina wa zaka za m'ma 70, linawasandutsa kachinsalu ka maselo a kunsi kwa retina nkukaika m'diso mwake mu September 2014. Kukonza kachinsaluko kunatenga miyezi yambiri ndi ndalama zoyandikira madola 1 miliyoni, pa munthu mmodzi. Chitatha chaka kachinsalu kanali kamoyo, chotupa sichinamere, maso sanapitirire kuwonongeka, koma kuona sikunawonjezekenso ayi. Wodwala wachiwiri sanamupange nkomwe opaleshoni chifukwa atayeza maselo ake anapeza kuti asintha penapake ndipo anaopa. Ofufuza enieni amatero achimwene, amaima okha akaona chokayikitsa. Ku London nako, Pete Coffey wa ku University College London ndi Lyndon da Cruz wa ku chipatala cha maso cha Moorfields analengeza mu 2018 za odwala awiri amene anawaika kachigamba ka maselo otere ndipo anayambanso kuwerenga. Nkhani yosangalatsa zedi. Koma ndi anthu awiri, ndipo onsewa, wa ku Kobe ndi a ku London, matenda awo sanali shuga, anali matenda a ukalamba a macula pomwe chowonongeka kwenikweni ndi mzere umodzi wa maselo umene ukhoza kusinthidwa. Shuga sawononga mzere umodzi. Amawononga mitsempha ya magazi, maselo otumiza uthenga, maselo owasamalira, retina yonse, ndipo akupitirizabe kuwononga pamene mukuikamo zatsopanozo.

Nde ofufuza za maso a shuga ambiri sakulimbana ndi kupanga retina yatsopano ayi, akufuna njira yokonzera timitsempha tija tisanafe. M'mafuta a m'mafupa muli maselo otchedwa CD34 amene amayenda m'magazi nkumathandiza kukonza mitsempha yovulala. Ku University of California, Davis, dokotala wa maso Susanna Park anayesa kuwatenga m'fupa la m'chiuno la wodwala mwini wake nkuwabaya m'diso, lipoti loyamba linatuluka mu 2015 ndipo linali la odwala 6 okha a matenda osiyanasiyana a retina, cholinga chake chinali kungoona ngati sizivulaza. Koma apa pali chokhumudwitsa chomwe Maria Grant ndi anzake ku America akhala akuonetsa kwa zaka zambiri: mwa munthu wa shuga maselo okonzawa nawonso amakhala odwala. Shuga amafika mpaka m'mafupa, maselo aja amatuluka ochepa, aulesi, osatha kuyenda kukafika pomwe pavulala. Ndiye kiliniki ikamakuuzani kuti musaope, tigwiritsa ntchito maselo a mayi anu omwe, dziwani kuti maselo amenewo ndi omwe alephera kale kukonza diso lawo ali m'thupi momwemo. Ku Queen's University ku Belfast, Alan Stitt ndi Reinhold Medina akhala akuyesa mtundu wina wa maselo opanga mitsempha, ena ochokera m'magazi a mchombo wa khanda, ndipo mu mbewa anaonetsa kuti amalowa m'malo omwe magazi sakufika nkuthandiza kumanganso mitsempha. Ena akuyesa maselo a m'mafuta a pamimba, amene mu mbewa amatha kukakulunga timitsempha ngati ma pericyte aja, ena aganiza zosiya maselo enieniwo nkumangotenga timadzi tomwe amatulutsa.

Mwaona kuti mawu oti mbewa akubwerabwera. Mbewa ilibe macula. Komanso mbewa ya shuga simafika pomera mitsempha yoipa ija mmene amachitira munthu, imafa ndi ukalamba isanafike pamenepo. Choncho chinthu chikhoza kuyenda bwino kwambiri mu labu koma osatiuza zambiri za diso la mayi a zaka 61 amene akhala ndi shuga ndi BP zaka zonsezi. Kuti mankhwala afike kwa odwala amayenera kudutsa magawo, loyamba anthu ochepa kuona ngati savulaza, kenako ochulukirapo, pomaliza mazanamazana ogawidwa pawiri, ena alandire ena asalandire, nkuwatsatira zaka. Ma stem cell a maso a shuga akadali kumayambiriro kwa ulendo umenewu.

Mwina mukuti chabwino, olo asathandize, tingoyesa, tiluzapo ndalama basi. Apa ndi pomwe ndikufuna mundimvetsetse, chifukwa sikuti mungoluza ndalama zokha. Mu 2015 ku Florida ku America amayi atatu a zaka zapakati pa 72 ndi 88, onse ndi matenda a ukalamba a macula koma akuonabe, analipira madola 5,000 aliyense pa kiliniki ina. Anawapopa mafuta pamimba, anawasefa, nkuwabaya m'maso onse awiri tsiku limodzi. Pasanathe masiku angapo anayamba kufika ku zipatala zina magazi atatayikira m'maso, pulesha ya m'diso itakwera, kenako ma retina anamatuka. Mmodzi anasiyiratu kuona olo kuwala kwa dzuwa, enawo anatsala ndi kuona kochepa kwambiri. Madokotala amene anawalandira analemba nkhaniyi m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine mu 2017, ndipo mu 2019 khoti linailetsa kilinikiyo kuchita zimenezi. Ku America kumeneko, kiliniki yooneka bwino, ya webusaiti yokongola, ndipo inali italembetsa zimenezi pa ClinicalTrials.gov, webusaiti ya boma la America yolembetsapo makafukufuku, ngati kafukufuku, zomwe zinapangitsa ena mwa amayiwo kukhulupirira kuti ndi za boma.

Bwererani tsopano ku mfundo ndinati muigwire ija. Maselo a m'mafutawa akalowa m'kati mwa diso akhoza kusanduka maselo opanga zipsera nkukoka retina, komanso mwachibadwa chawo amatulutsa zinthu zomeretsa mitsempha, VEGF yemwe uja ali m'gulumo. Amayi a ku Florida aja analibe mitsempha yosweka ya shuga. Diso la mayi anu VEGF wachuluka kale, zipsera mwina zayamba kale, ntchito yathu yonse ndi kuzimitsa zimenezo, nde wina abwere adzawonjezeremo zomeretsa? Ine diso limenelo sindingalole, angakhale mayi anga ondibala.

Ngati tsiku lina mudzamve za kafukufuku weniweni, mudzamuzindikira mosavuta. Salipiritsa wodwala. Sabaya maso onse awiri nthawi imodzi, amayamba ndi diso lomwe lawonongeka kwambiri kuti zikavuta linalo litsale. Amakupatsani chikalata chachitali chofotokoza zoopsa zonse, chovomerezedwa ndi komiti yoona za ufulu wa odwala, ndipo amakana anthu ambiri amene sakukwanira pa zomwe akufuna. Salonjeza kuti muchira. Kiliniki yomwe ikuti maselo omwewo amachiza maso, sitiroko, nyamakazi, kusabereka ndi ukalamba, umboni wake nkukhala mavidiyo a anthu akulira ndi chimwemwe, imeneyo ndi bizinesi. Poti muli ku Joni mukhoza kufunsa ku SAHPRA, bungwe loona za mankhwala la kumeneko, ngati chinthucho chinalembetsedwa, kuno kwathu ndi PMRA.

Za timapaketi ta kutchalitchi sinditayapo nthawi yambiri. Zambiri mwa zimenezi mukawerenga pa paketipo mupeza kuti ndi zochokera ku maselo a zomera, maapozi ndi mphesa. Selo la apozi silingasanduke mtsempha wa munthu, komanso mu ufa wouma mulibe selo lamoyo, ukalowa m'mimba umagayidwa ngati chakudya china chilichonse. Mayi akugulitsayo mwina amakhulupiriradi, nayenso anauzidwa, sindikumunena. Chomwe chimandiwawa ndi zomwe ndaziona mobwerezabwereza, munthu wagula timapaketi todula, wauzidwa kuti thupi likudzikonza lokha, wasiya metformin kapena insulini, nkudzabwera patapita miyezi shuga ali kumwamba, diso lomwe tikanalipulumutsa litadzaza magazi.

Pali kafukufuku wina wa ma stem cell amene wapita patali kuposa wa maso, wofuna kukonza shuga weniweniyo. Kampani ya Vertex ya ku America inapanga mu labu maselo otulutsa insulini, ndipo mu 2025 inalengeza kuti mwa anthu 12 amene analandira mlingo wathunthu, 10 anali atasiya kubaya insulini chitatha chaka. Imeneyi ndi nkhani yaikulu. Koma ndi ya shuga wa mtundu woyamba, uja amayamba munthu ali mwana kapamba atasiyiratu kupanga insulini, ndipo olandirawo amayenera kumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisawakane maselowo. Shuga woyamba munthu atakula ngati wa mayi nthawi zambiri ndi wa mtundu wachiwiri, nkhani yake ndi ina.

Tsopano tibwere pa laser, chifukwa nkhondo yanu yeniyeni ili pamenepa, kuwanyengerera mayi. Mantha awo ndimawamvetsa ndipo musawaseke. Zoti laser imawotcha ndi zoona, imawotchadi, koma timadontho ting'onoting'ono m'mbali mwa retina, kutali ndi pakati pomwe amaonera. Zili ngati mmene timatenthera dala tchire mozungulira nyumba nthawi ya chilimwe kuti moto wolusa ukabwera usapeze podutsa. Mbali zija zomwe magazi sakufikako ndi zimene zikutulutsa VEGF, tikazitentha zimasiya kuitana, mitsempha yoipa ija imafota. Njirayi inayesedwa pa anthu ambiri ku America m'zaka za m'ma 1970 ndipo inachepetsa khungu loopsa ndi theka kapena kuposerapo, mpaka lero ikugwirabe ntchito dziko lonse.

Auzeni mmene zimakhalira, chifukwa chomwe munthu sakuchidziwa chimaopsa kwambiri. Sagonekedwa, sang'ambidwa. Amathiridwa mankhwala otsegula diso ndi ena ochititsa dzanzi, amakhala pampando chibwano atatsamiritsa pa mashini ngati aja anawaunikira, dokotala amaika kagalasi pa diso, kenako amangoona kuwala kukuphethira, phethi phethi, kambirimbiri. Timadonthoto timapitirira 1,000 nde nthawi zambiri timagawa maulendo awiri kapena atatu. Pena pamamveka kuwawa kobaya kapena mutu umalemera, panado amakwanira. Amabwerera kunyumba tsiku lomwelo, koma apite ndi achemwali chifukwa diso limakhala lothobwa ndi kuwala maola angapo, atenge chipewa kapena magalasi akuda. Sindikubisirani, laser ili ndi mtengo wake, kuona m'mbali kumachepako ndipo usiku amaona movutikirapo kusiyana ndi kale. Komanso ntchito yake sikubweza zomwe zinatayika, ndi kusunga zomwe zatsala. Mbiri yoipa ya laser imachokera pamenepa: munthu amabwera diso litatsala pang'ono kufa, timayesetsa, diso limafabe chifukwa matenda anali atapita kale patali, kumudzi nkumveka kuti anamuwotcha ku chipatala. Amene anapangidwa pa nthawi yake ndipo akuonabe mpaka pano salengeza kwa aliyense. Achemwali akapita nawonso, apemphe anesi awapezere munthu pa mzere pomwepo amene anapangidwapo kale kuti acheze ndi mayi, mawu a wodwala mnzawo amalowa kuposa athu.

Ngati macula atupa, pamenepo chomwe chimathandiza kwambiri ndi jakisoni wa m'diso wotseka VEGF. Dzina lokha limaopsa koma ndi kasingano kakang'ono kwambiri, kobaya pa choyera cha diso atathira mankhwala a dzanzi ndi opha tizilombo, timasekondi tochepa zatha. Mankhwala ake ndi monga Avastin, amene ndi wotsika mtengo ndipo ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri m'maiko ngati athu, palinso Lucentis, Eylea ndi Vabysmo odula. Awa amatha kubweza kuona kwina kumene kunatayika ndi kutupa. Vuto lake mphamvu imatha, poyamba amafunika mwezi ndi mwezi, ndipo munthu akadumpha miyezi chifukwa cha thiransipoti matenda amabwerera. Nchifukwa chake kwa munthu wa ku Balaka amene mitsempha yoipa yamera, ine laser ndimaikonda, ikapangidwa yapangidwa, siidalira kuti mwezi wamawa ndalama ya minibasi ipezeka. Nthawi zina timaphatikiza zonse ziwiri. Magazi akadzaza osayera okha, kapena retina ikayamba kukokeka, pamafunika opaleshoni yotsuka m'kati mwa diso, ndipo madokotala ake ndi ochepa kwambiri kuno. Ngati pali pomwe ndalama zanu zingadzagwire ntchito yopita nawo kunja, ndi pa opaleshoni imeneyo atakulemberani dokotala wa maso, ndipo ku South Africa komwe muliko amapanga.

Awaunikenso ng'ala. Shuga amafulumizitsa ng'ala, ndipo kangapo ndaona munthu wataya mtima kuti shuga wamumaliza pamene gawo lalikulu la utsiwo ndi ng'ala yoti ichotsedwa nkuonanso. Magalasi a pamsika asagule kaye, shuga akamakwera ndi kutsika mphamvu ya diso imasinthasintha, magalasi a lero sabata yamawa sagwira. Ndipo chonde m'diso musalowe madzi a masamba kapena chilichonse cha kwa asing'anga, zilonda zomwe zimabwera ndi zimenezo pa munthu wa shuga zimavuta kupola.

Zonsezi zimayenda bwino ngati shuga ndi BP zagwidwa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa 1993 ndi wa ku Britain wa 1998 anaonetsa poyera kuti kutsitsa shuga kumachedwetsa kuwonongeka kwa maso, ndipo wa ku Britain uja anaonetsanso chimodzimodzi pa BP. Pemphani awayeze HbA1c, kuyeza kumene kumaonetsa mmene shuga wayendera miyezi itatu yapitayi, osati ka pachala ka m'mawa umodzi komwe ena amakakonzekera posala kudya dzulo lake. Ambiri timafuna ikhale cha pa 7, koma dokotala wawo ndi amene anene malinga ndi thupi lawo. BP isamapitirire 140/90. Koma osatsitsa shuga mwaphuma, kuchoka kumwamba kufika pansi m'masabata ochepa, chifukwa pa munthu amene retina yadwala kale zimenezi zimatha kuyamba zaipitsa maso zisanakonze, nde musawatumizire majakisoni atsopano ochepetsa shuga ndi thupi amene atchuka kumenekowo popanda dokotala wa maso kudziwa. Awayezenso impso ndi kuchuluka kwa magazi, kafukufuku wa ku Blantyre ndi Zomba uja anapeza kuti kuchepa magazi kumayendera limodzi ndi kukula kwa vuto la maso. Pali piritsi lakale la mafuta a m'magazi, fenofibrate, lomwe kafukufuku wa ku Scotland wa 2024 anaonetsa kuti limachedwetsa matendawa akakhala kuti angoyamba kumene, mukhoza kufunsa ngati lingathandize diso lakumanjalo, zimatengeranso mmene impso zilili.

Ndalama zomwe mumafuna kuponya kunjazo, kagawo kochepa chabe kakhoza kugwira ntchito yaikulu: thiransipoti ya mayi ndi achemwali ulendo uliwonse osadumpha, kamashini koyezera shuga ndi timapepala take, ka BP, mankhwala ogula ku famase mwezi umene ku chipatala asowa, ndiwo zamasamba ndi nyemba ndi mgaiwa pakhomo, tiyi wopanda shuga. Abwerere komwe anauzidwa za laser sabata ino kapena yamawa, osati mukabwera pa Khirisimasi. Mitsempha imeneyi siidikira, diso lomwe lingapangidwe laser lero likadzaza magazi dokotala saonanso pomwe angawotche. Ngati kumeneko mashini palibe, apemphe kalata yopita ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Achemwali afunse dokotala kuti diso lililonse lili pa mlingo uti, macula atupa kapena ayi, ndipo alembe m'buku la kuchipatala, ajambule akutumizireni. Inuyo ndi achemwali kayezetseninso shuga, amayenda m'magazi a pabanja.

Pomwe mukudikira tsikulo, achemwali akhale tcheru. Mayi akangoti utsi wachuluka mwadzidzidzi, kapena tinthu takuda tabwera tambiri nthawi imodzi, kapena akuona kung'anima ngati mphezi, kapena mbali ina ya diso yachita mdima ngati wina watseka katani, kapenanso diso lafiira likuwawa mpaka mutu ndi mseru, asadikire deti lomwe linalembedwa m'buku. Akwere minibasi tsiku lomwelo.